Edward Jenner: dokotala wakumudzi amene adaphunzira pa bere la ng'ombe

Mukakhala pafupi ndi agogo, tawapemphani akuonetseni kumtunda kwa mkono wawo. Ambiri amene adabadwa zaka za m'ma 1970 zisanafike ali ndi chipsera chozungulira, chosiyana ndi cha BCG chimene ana amakhala nacho masiku ano. Chimenecho n'chipsera cha katemera wa nthomba. Sitikunena katsabola ayi, koma nthomba yeniyeni, imene inkapha anthu pafupifupi atatu mwa 10 aliwonse amene yawagwira, ena n'kuwasiya akhungu kapena ndi nkhope yodzaza zipsera.

Lero nthendayi kulibe padziko lonse. Ulendo wouthetsa udayambira m'makola a ng'ombe zamkaka ku England, m'manja mwa dokotala wakumudzi dzina lake Edward Jenner. Ambiri amamudziwa ngati munthu amene adatulukira katemera. Koma ntchito imene idamuvuta kwambiri idali ina: kusiyanitsa nthenda yeniyeni ya pa bere la ng'ombe ndi zina zofanana nayo, alibe chida china koma maso ndi kope lolembamo.

Mwana wamasiye wa ku Berkeley

Jenner adabadwa pa 17 May 1749 m'tauni yaing'ono ya Berkeley, m'chigawo cha Gloucestershire, dera lodziwika ndi ulimi wa mkaka. Adali wachisanu n'chitatu mwa ana asanu ndi anayi a Stephen Jenner, wansembe wa mpingo wa Anglican m'deralo. Makolo ake onse adamwalira mu 1754 iye ali ndi zaka zisanu, ndipo adaleredwa ndi achimwene ake aakulu pamodzi ndi azichemwali ake.

Nthawi imeneyo nthomba inkapha anthu pafupifupi 400,000 chaka chilichonse ku Ulaya. Njira yokhayo yodzitetezera idali yoopsa: ankatenga mafinya a munthu wodwala nthomba n'kuwapaka pa mphini imene atema pa mkono wa munthu wabwinobwino. Njirayi idali yodziwika kale ku Asia ndi madera ena a mu Africa, ndipo ku England idatchuka kuyambira 1721 chifukwa cha Mary Wortley Montagu, amene adaiona ku Turkey. Wotemedwayo ankadwala nthomba yocheperako mphamvu ndipo akachira sankadwalanso. Komabe mmodzi kapena awiri mwa 100 aliwonse ankafa, ndipo wotemedwayo ankatha kupatsira ena nthomba yoopsa ija.

Jenner adatemedwa motere ali ndi zaka pafupifupi zisanu n'zitatu. Malinga ndi chizolowezi cha madokotala a nthawiyo, adayamba amumana chakudya chokwanira, kumuchotsa magazi ndi kumumwetsa mankhwala otsegula m'mimba kwa milungu ingapo. Atamutema adamutsekera m'khola pamodzi ndi ana ena mpaka nthendayo itatha. Adapulumuka, koma zimenezi sadaziiwale moyo wake wonse.

Wophunzira wa John Hunter

Ali ndi zaka pafupifupi 14 adapita ku Chipping Sodbury kukaphunzira ntchito ya udokotala kwa Daniel Ludlow. Kumadera a mkakawa anthu ankakhulupirira kuti wokama ng'ombe amene adadwalapo zilonda zochokera ku mawere a ng'ombe, zotchedwa cowpox, sagwidwa ndi nthomba. Madokotala ambiri ankaziona ngati nkhambakamwa za kumudzi.

Mu 1770 Jenner adapita ku London, kuchipatala cha St George's, komwe adaphunzira pansi pa John Hunter, katswiri wa maopaleshoni. Hunter ankaumiriza ophunzira ake kuti asamangoganizira chinthu, koma azichiyesa, modekha ndi mosamala. Ku London komweko Jenner adathandiza kusanja zomera ndi zinyama zimene Joseph Banks adabwera nazo kuchokera pa ulendo woyamba wa panyanja wa James Cook. Mwayi wokhala mumzinda udalipo, koma atamaliza maphunziro iye adasankha kubwerera kwawo ku Berkeley, komwe ankayendera odwala pa kavalo.

Ulemu wake woyamba pa sayansi sudachokere ku nthomba, koma ku mbalame yotchedwa cuckoo, imene imaikira dzira lake m'chisa cha mbalame ina. Anthu ankadabwa kuti mazira ndi anapiye a mwini chisa amagwa bwanji pansi. Jenner adayang'anitsitsa zisa kwa nyengo zingapo ndipo adaona kuti wochita zimenezi ndi kamwana ka cuckoo kongoswedwa kumene, kamene kamanyamula dzira pa kadzenje ka kumsana kwake n'kuliponya kunja. Adafalitsa zimenezi mu 1788, ndipo bungwe la asayansi la Royal Society lidamulandira kukhala membala. Ena adapitiriza kumukayikira mpaka mu 1921 pamene Edgar Chance adajambula kanema wa moyo wa mbalameyi. Chaka chomwecho cha 1788 Jenner adakwatira Catherine Kingscote, ndipo mu 1792 adalandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya St Andrews.

Cowpox yeniyeni ndi yonamizira

Kuleza mtima kumene adaonetsa pa zisa za mbalame n'kumene adapita nako kumakola. Chikhulupiriro cha okama ng'ombe chidali ndi vuto limodzi lalikulu: padali anthu amene ankati adadwalapo cowpox, koma pambuyo pake adagwidwabe ndi nthomba. Madokotala anzake ankati umenewu ndi umboni woti nkhaniyo njabodza. Jenner adaganiza mosiyana. Adaona kuti alimi ankatchula dzina limodzi pa zilonda zamitundumitundu za pa mawere a ng'ombe, pamene mtundu umodzi wokha ndiwo unkateteza.

Kwa zaka zambiri adayendera makola n'kumalemba zimene waona. Cowpox yeniyeni inkayamba ndi matuza otuwa mobiriwirako pa nsonga za mawere, ozunguliridwa ndi khungu lofiira ndi lotupa, ndipo matuzawo ankasanduka zilonda zochedwa kupola. Ng'ombe inkafooka ndipo mkaka unkachepa. Wokama ankatuluka matuza ofananawo m'manja ndi m'zala, ankatupa m'khwapa, n'kumva kuzizidwa ndi mutu kwa masiku ochepa. Yonamizira idalibe mtundu wobiriwirawo, inkauma msanga n'kupanga nkhanambo, ndipo siinkadwalitsa thupi lonse. Adazindikiranso kuti ngakhale cowpox yeniyeni imataya mphamvu ngati madzi a m'thuza atengedwa mochedwa chilonda chitayamba kuola, kapena ngati asungidwa molakwika.

Chinanso chimene adaona n'chakuti cowpox siinkakhala m'makola nthawi zonse. Inkabuka pa famu imodzi, n'kuzimiririka kwa miyezi kapena zaka. Choncho ankayenera kukhala tcheru, kumva kwa alimi kumene yabuka, n'kuthamangirako matuza asadaume.

Sarah Nelmes ndi James Phipps

Mu May 1796 mtsikana wokama ng'ombe, Sarah Nelmes, adabwera ndi matuza pa dzanja amene adawatenga kwa ng'ombe yotchedwa Blossom. Pa 14 May Jenner adatenga madzi a m'thuzalo n'kuwapaka pa timphini tiwiri pa mkono wa James Phipps, mnyamata wa zaka zisanu n'zitatu, mwana wa bambo amene ankamugwirira ntchito m'munda. Tsiku lachisanu n'chiwiri mnyamatayo adamva kupweteka m'khwapa, lachisanu n'chinayi adazizidwa ndi kukana chakudya, ndipo m'mawa mwake adali bwino. Pa 1 July Jenner adamutema ndi mafinya a nthomba yeniyeni. Mnyamatayo sadadwale.

Kafukufuku wotere sangaloledwe lero, makamaka pa mwana wa wantchito wako, amene bambo ake sakadakana mosavuta. Tikumbukirenso kuti kutema ndi mafinya a nthomba kudali chithandizo chovomerezeka nthawi imeneyo, chomwe Jenner mwini adadutsamo ali mwana. Patapita zaka, iye adapatsa Phipps nyumba yokhalamo ndi banja lake, ndipo Phipps adapezeka pa maliro ake.

Jenner sadali woyamba kuyesa. Mu 1774 mlimi wa ku Dorset, Benjamin Jesty, adatema mkazi wake ndi ana ake aamuna awiri ndi cowpox pa nthawi ya mliri. Kusiyana kwake n'kwakuti Jenner adayesa ngati chitetezocho chilipodi, adalemba mwatsatanetsatane, ndipo adafalitsa kuti ena abwereze.

Royal Society idakana kusindikiza lipoti lake loyamba chifukwa umboni udali wochepa. Mwatsoka cowpox idazimiririka m'makola a m'deralo, ndipo adadikira mpaka kumayambiriro kwa 1798. Itabukanso adatema kamnyamata William Summers kuchokera kwa ng'ombe, kenako adatenga madzi a pa mkono wa Summers n'kutemera mwana wina, n'kupitiriza motero. Apa adatsimikiza kuti katemera angathe kusungidwa podutsa mkono ndi mkono popanda kudikira ng'ombe yodwala. Chaka chomwecho adasindikiza ndi ndalama zake buku lotchedwa An Inquiry into the Causes and Effects of the Variolae Vaccinae, lofotokoza za anthu 23. Mawu oti vaccine adachokera ku vacca, kutanthauza ng'ombe m'Chilatini, ndipo mu 1881 Louis Pasteur adapempha kuti dzinali ligwiritsidwe ntchito pa akatemera onse polemekeza Jenner.

Kutsutsidwa ndi kufalikira

Adakhala miyezi itatu ku London osapeza munthu wolola kutemedwa, mpaka dokotala Henry Cline atayesa pa mwana wina n'kuona kuti zatheka. Wasayansi Jan Ingenhousz adamulembera kalata yomutsutsa, potchula anthu amene adadwala nthomba atadwalapo cowpox. Jenner adayankha m'kabuku kachiwiri ka mu 1799 kofotokoza mmene cowpox yonamizira imapusitsira. Chaka chomwecho William Woodville adatemera anthu mazana ambiri pachipatala cha odwala nthomba ku London, ndipo ambiri adatuluka matuza thupi lonse. Jenner adaumirira kuti katemerayo adasakanikirana ndi nthomba ya m'chipatalamo, chifukwa cowpox yeniyeni imatulutsa thuza pamalo otemedwa pokha.

Mphekesera nazo sizidachedwe. Ena ankati kulowetsa za nyama m'thupi la munthu n'tchimo, ndipo mu 1802 wojambula James Gillray adatulutsa chithunzi cha anthu otemedwa akumera timitu ta ng'ombe m'thupi. Amene tidamva zonenedwa za katemera wa Covid-19 tikudziwa kuti mantha oterewa sadathe.

Ngakhale zidali choncho katemera adafalikira msanga. Jenner ankatumiza madzi a katemera ouma pa ulusi ndi pa timagalasi kumaiko ambiri, n'kumayankha makalata ankhaninkhani, mpaka ntchito yake yopezera ndalama idalowa pansi. Nyumba ya malamulo ya Britain idamupatsa mapaundi 10,000 mu 1802 ndi 20,000 mu 1807. Mu 1803 dziko la Spain lidatumiza dokotala Francisco Javier de Balmis ku America ndi ana amasiye 22, amene ankatemedwa awiriawiri panyanja kuti katemera afike wamoyo. Kwawo ku Berkeley, Jenner adasandutsa kanyumba kofolera ndi udzu m'munda mwake kukhala malo otemerako anthu osauka mwaulere.

Padali zina zimene adalakwitsa. Adakakamira mpaka imfa yake kuti katemera mmodzi amateteza moyo wonse, pamene chitetezo chimachepa pakapita zaka ndipo pamafunika kubwereza. Njira ya mkono ndi mkono nayo inkatha kufalitsa matenda ena monga chindoko, n'chifukwa chake pambuyo pake katemera adayamba kupangidwira pa khungu la ana a ng'ombe.

Zaka zake zomaliza zidali zachisoni. Mwana wake woyamba, Edward, adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1810, ndipo mkazi wake adatsatira ndi nthenda yomweyo mu 1815. Jenner adabwerera ku mbalame zake, n'kumalemba za kusamuka kwake nyengo ikasintha. Adamwalira ndi sitiroko pa 26 January 1823 ali ndi zaka 73, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha ku Berkeley. Dziko la England lidaletsa kutema ndi mafinya a nthomba mu 1840. Munthu womaliza kugwidwa ndi nthomba mwachilengedwe adali Ali Maow Maalin wa ku Somalia mu October 1977, ndipo pa 8 May 1980 bungwe la WHO lidalengeza kuti nthendayi yatha. Chimene chidamaliza ntchitoyo sikutemera aliyense kokha ayi, koma kusaka wodwala aliyense, kumupatula ndi kutemera onse omuzungulira.

Zimene DNA idaulula

Jenner adamwalira asadaonepo vairasi. Lero asayansi amatha kuwerenga DNA, uthenga wachibadwa umene uli m'kati mwa kachilombo, ndipo aona pamene iye adalondola ndi pamene adaphonya. Pa nkhani ya cowpox yonamizira adalondola: zilonda za pa mawere a ng'ombe zimayambitsidwa ndi mavairasi osiyanasiyana, monga pseudocowpox ndi herpes ya ng'ombe, ndipo amenewa sateteza ku nthomba. Cowpox yeniyeni ndi ya gulu limodzi ndi nthomba komanso mpox, n'chifukwa chake thupi likaphunzira kulimbana ndi imodzi limazindikiranso inzake. Katemera wa mpox amene akugwiritsidwa ntchito masiku ano ndi wochokera ku katemera wa nthomba.

Zadziwikanso chifukwa chimene cowpox inkabukira n'kuzimiririka. Kwawo kwenikweni si m'ng'ombe, koma m'mbewa zakutchire za ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Ng'ombe zinkangoitenga mwangozi, ndipo masiku ano anthu kumeneko amaitenga kawirikawiri kwa amphaka.

Jenner ankakhulupirira kuti cowpox imachokera ku zilonda za m'mapazi a akavalo, n'kufika kwa ng'ombe kudzera m'manja mwa antchito osamalira ziweto zonse ziwiri. Ambiri adamuseka. Mu 1939 Allan Downie adaonetsa kuti vairasi imene idali m'katemera wa nthomba, yotchedwa vaccinia, si cowpox. Mu 2017 asayansi adawerenga DNA ya katemera amene adapangidwa ku Philadelphia mu 1902, ndipo adapeza kuti ikufanana ndi ya horsepox, nthomba ya akavalo, ndi maperesenti 99.7. Choncho pa gwero la cowpox adaphonya, koma akavalo adalidi ndi gawo m'mbiri ya katemera.

Funso la Jenner m'makola a lero

Funso loti kodi chotupa ichi n'chenicheni kapena chonamizira likadali m'makola, kuphatikizapo kuno kwathu. Nthenda ya zotupa pa khungu la ng'ombe, yotchedwa lumpy skin disease, ndi ya banja lalikulu lomwelo la mavairasi a pox, ngakhale siigwira anthu. Idaoneka koyamba mu 1929 ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, ndipo poyamba akatswiri ankaganiza kuti ndi zotupa zobwera ndi kulumidwa ndi tizilombo kapena kudya zomera zapoizoni. M'zaka za m'ma 1940 idagwira ng'ombe pafupifupi 8 miliyoni ku South Africa. Idafika ku Israel mu 1989, ku Greece mu 2015, ndi ku India, China ndi Bangladesh mu 2019.

Imafala ndi ntchentche zoluma, udzudzu ndi nkhupakupa, makamaka nyengo ya mvula. Ng'ombe imatentha thupi, imatuluka zotupa zolimba za masentimita awiri mpaka asanu, mkaka umatsika kwambiri ndipo yabere imatha kupoloza. Ng'ombe zamkaka za mitundu ya Friesian ndi Jersey zimadwala kwambiri kuposa zachikuda. Nayonso ili ndi yonamizira yake, yoyambitsidwa ndi herpes ija imene imapanga zilonda pa mawere, ndipo m'masiku oyamba ziwirizi zimavuta kusiyanitsa ndi maso.

Chimene chidatengera Jenner zaka, labotale imachita m'maola ochepa ndi njira ya PCR, yomwe timapimira HIV mwa makanda. Amatenga kachidutswa ka chotupa, nkhanambo, magazi kapena mamina. Makina amasaka kachigawo ka DNA kamene kali ndi vairasi imeneyi yokha n'kumakachulukitsa kawiri pa ulendo uliwonse, moti maulendo 30 amapereka makope oposa biliyoni imodzi, okwana kuonekera. Pali PCR ina imene imasiyanitsa vairasi ya kutchire ndi yofooketsedwa ya m'katemera wa Neethling, wochokera ku South Africa, chifukwa ng'ombe zina zimatuluka totupa pang'ono zikabayidwa. Kuwerenga DNA yonse kumaonetsanso njira imene mliri wadzera. Umu ndi mmene mu 2017 ku Russia adapezera vairasi yosakanikirana, mbali ina ya kutchire, mbali ina ya katemera, ndipo mitundu yotereyi ndiyo idafala kummawa kwa Asia. Vuto la katemera wosakanikirana limene Jenner adadzudzula mu 1799 lidabwereranso m'njira ina.

Koma makinawa sayenda okha kupita kukhola. Amadikira munthu amene waona chotupa choyamba. Ngati muli ndi ng'ombe yamkaka ndipo yatentha thupi, yachepetsa mkaka n'kutuluka zotupa, ipatuleni, musaigulitse kapena kuisamutsa, lembani tsiku limene zayamba ndi ng'ombe zimene zagwidwa, ndipo itanani mlangizi wa ziweto zotupazo zisadaume. Ngati mwatuluka matuza m'manja mutakama, pitani kuchipatala ndipo muuze wokupimani kuti mumagwira ng'ombe. Sarah Nelmes adachita chimodzimodzi mu 1796, ndipo adapeza dokotala wofunsa bwino ndi wolemba zimene waona.